Chaka choyamba pa kampani ya oditi ku Harare: zimene adzakuphunzitseni ndi zimene akuyembekezera kwa inu

Kampani ya oditi (yofufuza mabuku a ndalama a makampani ena), ya zamisonkho kapena ya maloya ilibe fakitale. Imagulitsa nthawi ya antchito ake ndi siginecha ya a partner, eni ake a kampaniyo, pansi pa lipoti. N'chifukwa chake maphunziro a munthu watsopano pa makampani oterewa amatsamira pa funso limodzi: kodi ntchito imene mwagwira ingadaliridwe inuyo mulibepo? Digiri ya ku yunivesite ya UZ kapena ya NUST yakulowetsani pakhomo, koma m'miyezi yoyamba palibe amene adzakukhazikeni pansi kuti mufotokoze tanthauzo la depreciation. Adzatsegula fayilo yanu n'kuona ngati munthu wina angatsate zimene munachita popanda kukuimbirani foni. Malangizo awa ndi a amene akuyamba ma articles, zaka zophunzira ntchito pa kampani, mu oditi kuno ku Harare, ngakhale ambiri akukhudzanso a misonkho ndi maloya achinyamata.

Mapepala amene mukusaina

Mudzapatsidwa mapepala awiri osiyana, ndipo ambiri amawerenga limodzi lokha. Loyamba ndi kalata ya ntchito, imene imayendera Labour Act. Lamuloli limalola nthawi yoyeserera ntchito imodzi yokha, yosapitirira miyezi 3, ndipo saloledwa kuiwonjezera. Mkati mwa nthawiyi, inu kapena abwana mungathetse ntchito popereka notisi ya masabata awiri. Lachiwiri ndi mgwirizano wa maphunziro, umene umalembetsedwa ku bungwe la akatswiri. Kwa amene akufuna kukhala CA(Z), chartered accountant wa ku Zimbabwe, bungwelo ndi Institute of Chartered Accountants of Zimbabwe, ICAZ, limene linakhazikitsidwa mu 1918. Mgwirizanowu umatenga zaka 3 mpaka 5 kutengera maphunziro amene mwalowa nawo. Funsani zinthu ziwiri m'mwezi woyamba: kodi ofesiyi ndi yovomerezeka ndi ICAZ kuphunzitsa anthu, ndipo kodi mgwirizano wanga walembetsedwa kuyambira tsiku liti? Pepala likagona mu kabati ya a HR, miyezi imene mwatuluka thukuta ikhoza kusawerengedwa.

Amene akuyenda njira ya ACCA, bungwe lina la akatswiri owerengera ndalama lochokera ku Britain, zofunika zake ndi miyezi 36 ya ntchito yoyenera, ma performance objective 9 (maluso oti musonyeze pa ntchito), ndi maphunziro a Ethics and Professional Skills Module, kuwonjezera pa mayeso. Zimene mwachita ziyenera kusainidwa ndi munthu woyenerera amene amaona ntchito yanu. Mupezeni munthuyo mwezi woyamba, musadikire chaka chachitatu pamene amene ankakudziwani anasiya kale ntchito n'kupita ku London kapena ku Johannesburg, monga zimachitikira kawirikawiri m'ntchito imeneyi.

Ndime zitatu muziwerenge mofatsa musanasaine. Ndani akulipira sukulu ndi mayeso, ndipo mukalephera, kubwereza akulipira ndani? Mukachoka mgwirizano usanathe, mubweza ndalama zingati, ndipo mu ndalama iti, madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya dziko lino? Tchuthi chowerengera mayeso ndi masiku angati pa pepala lililonse? Tchuthi chimenechi chimachokera ku malamulo a kampani ndi mgwirizano wanu, choncho ngati sichinalembedwe, mudzakangana nacho pa nthawi imene mulibe mphamvu zokangana.

Kwa ife ambiri obadwira ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku kapena Tafara kwa makolo ochokera ku Malawi, pali nkhani ya chitupa. Ngati chanu chikadali cholembedwa kuti alien, kachikonzetseni ku ofesi ya Registrar General musanayambe ntchito. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Amene wachita kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi pasipoti ya Malawi afunika chilolezo chogwirira ntchito cha ku Immigration asanakhudze fayilo ya kasitomala aliyense. Onaninso kuti dzina lalembedwa mofanana pa chitupa, pa satifiketi ndi ku banki. Mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana m'maofesi a kuno, ndipo chilembo chimodzi chikhoza kuchedwetsa kulembetsa kwanu ku bungwe, ku NSSA (bungwe la boma la penshoni) ndi ku ZIMRA (bungwe lotolera misonkho).

Masabata oyamba m'kalasi

Makampani aakulu amayamba ndi sabata imodzi kapena awiri a maphunziro a m'chipinda: ndondomeko ya oditi ya kampaniyo, pulogalamu yosungiramo mafayilo monga CaseWare kapena ina yawoyawo, kalembedwe ka timesheet (fomu ya maola amene mwagwira), ndi malamulo a khalidwe. Makampani ang'onoang'ono amakupatsani laputopu Lolemba, Lachitatu muli kale kwa kasitomala ku Msasa. Konse kuwiri, chimene akuyembekezera n'chakuti Excel muidziwe nokha. Pofika mwezi wachiwiri muzitha kusefa mizere masauzande, kugwiritsa ntchito SUMIFS, VLOOKUP kapena XLOOKUP ndi pivot table, komanso kutulutsa ledger (buku la maakaunti) mu pulogalamu ya Pastel n'kuiyeretsa kuti igwirizane ndi trial balance (ndandanda ya mabalansi a maakaunti onse). Ola limodzi madzulo alionse kwa milungu ingapo limakwana.

Gawo la khalidwe musalimvere ngati ulaliki wongodutsa. Mudzasaina fomu yonena ngati muli ndi masheya mu kampani iliyonse imene ofesi yanu imaichita oditi, kaya ili pa Zimbabwe Stock Exchange kapena pa Victoria Falls Stock Exchange, komanso ngati muli ndi wachibale wogwira ntchito kumeneko. Malume anu akakhala owerengera ndalama pa kampani imene mwatumizidwako, nenani tsiku lomwelo. Kukusunthani kupita ku gulu lina n'kosavuta, koma zikadziwika lipoti litasainidwa, ntchito yonse imakayikiridwa. Mphatso za kasitomala, ngakhale katoni ya mafuta ophikira ya pa Khirisimasi, funsani kaye a manager musanainyamule. Mukaona ndalama zoyenda mokayikitsa, uzani a manager kapena mkulu amene kampani inamuika kuyang'anira nkhani zimenezi, osati kasitomala. Money Laundering and Proceeds of Crime Act imaletsa kutsina khutu munthu amene akukayikiridwa.

Chinsinsi cha kasitomala chimatayika m'njira zazing'ono. Kujambula payroll ndi foni yanu n'kuitumiza pa WhatsApp, kusiya laputopu yotsegula pa resepishoni, kusungira mafayilo pa imelo yanu yapadera chifukwa magetsi a ZESA athima ndipo mukufuna kukamalizira kunyumba. Pali chinanso chimene chimatikola ife makamaka: kukamba za kasitomala m'Chichewa mu kombi yochokera pa Copacabana poganiza kuti palibe akumva. Harare ili ndi anthu ambiri omva chinenero chathu, ndipo dzina la kampani ndi nambala zimamveka m'chinenero chilichonse.

Working paper, pamene pagona ntchito yonse

Muyezo wa oditi wa padziko lonse wa ISA 230 umati zolemba za oditi, ma working paper, zikhale zoti odita wodziwa ntchito, amene sanakhalepo pa oditi imeneyo, amvetse zimene zinachitika, umboni umene unapezeka, ndi mmene mfundo yomaliza inafikidwira. M'maofesi amangoti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Mukhoza kukhala tsiku lonse mukufufuza ma invoice m'chipinda cha fumbi, koma ngati pepala lanu langoti "ndaona, zili bwino", a senior, okuyang'anirani pa ntchitoyo, adzakubwezerani.

Pepala lililonse likhale ndi dzina la kasitomala, tsiku lotsekera chaka, dzina lanu ndi tsiku limene mwagwira ntchitoyo. Kenako cholinga, m'chiganizo chimodzi: mukufuna kutsimikiza chiyani? Pansi pake, kumene mwatenga manambala, ndani wakupatsani ndiponso liti. Fotokozani mmene munasankhira zoti muyese: pa ma invoice onse a chaka munatenga angati, ndipo chifukwa chiyani amenewo. Chilichonse chimene mwayesa chilembedwe ndi nambala yake, tsiku, ndalama ndi mtundu wa ndalamayo, kuti wina akathe kuchipezanso. Zizindikiro zimene mwaika pambali pa manambala zikhale ndi tanthauzo lake m'munsi. Pomaliza, zimene mwapeza ndi chigamulo chanu, choyankha cholinga chija osati china.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka ndi izi. Kuyamba kuyesa ndandanda ya kasitomala musanaone ngati chiwerengero chake chonse chikugwirizana ndi ledger. Mukatero mwayesa ndandanda imene mwina siyokwanira. Kukopera pepala la chaka chatha n'kusintha deti yokha, pamene kasitomala anasintha kale kachitidwe kake. Kulemba manambala ndi dzanja mu Excel m'malo mwa fomula, moti trial balance ikasintha pepala lanu limatsala ndi zakale. Ndipo choipa kuposa zonse, kuchotsa invoice imene yasowa n'kuikapo ina yopezeka mosavuta. Invoice yosowayo ndi imene oditi imafuna. Ilembeni kuti yasowa, funsani kasitomala, uzani a senior. Kulemba kuti mwaona chinthu chimene simunachione ndi mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo ukhoza kukutsatani mpaka ku bungwe.

Mawu a pakamwa a kasitomala paokha ndi umboni wofooka. A accountant akakuuzani kuti kusiyana kwa ndalama kwabwera chifukwa katundu anabwezedwa, lembani dzina la udindo wawo ndi tsiku, kenako pemphani credit note (pepala lochotsera mtengo wa katundu wobwezedwa) ndi pepala lolandirira katunduyo. Chimodzimodzi makalata otsimikizira ndalama ku banki kapena kwa angongole: ISA 505 imafuna kuti odita ndiye aziyendetsa, yankho libwere kwa inu mwachindunji, lisadzere m'manja mwa kasitomala.

Muno m'Zimbabwe muli vuto limene mabuku ambiri a kusukulu salifotokoza mokwanira, la ndalama zingapo m'buku limodzi. Kasitomala mmodzi akhoza kukhala ndi akaunti ya nostro ya madola a ku America, akaunti ya ZiG, ya rand, ndi ya EcoCash. ZiG inayamba pa 5 Epulo 2024 kulowa m'malo mwa dola ya Zimbabwe, ndipo izi zisanachitike, Public Accountants and Auditors Board inali italengeza mu 2019 kuti malipoti a m'ndalama ya dziko atsate IAS 29, muyezo wa mayiko amene mitengo ikukwera mopitirira. Choncho mafayilo a zaka zapitazi ali ndi manambala osinthidwa amene simungawayerekeze ndi a chaka chino mwachisawawa. Pa nambala iliyonse dzifunseni: iyi ndi ndalama iti, yasinthidwa pa mtengo uti, wa tsiku liti, wochokera kuti? Werengani IAS 21, muyezo wa kasinthidwe ka ndalama zakunja, musanapite kwa kasitomala woyamba. Bank reconciliation, kuyerekeza mabuku a kasitomala ndi sitetimenti ya ku banki, ichitidwe pa akaunti iliyonse payokha m'ndalama yake, ndipo zimene zinali zisanadutse ku banki pa tsiku lotseka chaka muzitsate pa sitetimenti ya mwezi wotsatira kuti muone ngati zinadutsadi.

Kuwerenga sitoko

Ntchito yoyamba imene mudzatumidwe nokha nthawi zambiri ndi kuwerenga sitoko, katundu amene kasitomala ali naye mosungiramo, ndipo imagwa pa 31 Disembala kapena pafupi, anzanu ali pa tchuthi. Malo ake ndi ma warehouse a ku Graniteside, Workington, Southerton kapena Willowvale. Valani nsapato zolimba, tengani zolembera ziwiri, kakyuleta ndi bolodi yotsamiritsira pepala, ndipo fikani kuwerenga kusanayambe.

Owerenga sitoko ndi antchito a kasitomala. Inu mwapita kukaona mmene akuwerengera ndi kuyesa zina mwa zimene awerenga. Pemphani malangizo awo olembedwa, onani ngati katundu waima kulowa ndi kutuluka, ndipo lembani nambala yomaliza ya pepala lolandirira katundu ndi ya pepala lotulutsira katundu. Manambala awiriwa ndi amene adzasonyeze pambuyo pake ngati malonda a Januwale sanalowetsedwe mu Disembala. Yesani mbali ziwiri. Sankhani zinthu pa pepala lawo n'kukaziona pansi, kutsimikiza kuti zilipodi. Kenako sankhani zinthu pansi n'kukazifuna pa pepala, kutsimikiza kuti sizinasiyidwe. Sankhani nokha, makamaka zodula, ndipo musalole kuti woyang'anira warehouse akulozereni zoti muwerenge.

Mulu wa matumba a feteleza a makilogalamu 50 ukhoza kuoneka kuti ndi matumba 8 m'litali, 5 m'lifupi, 10 kukwera, kutanthauza 400. Kwerani pa makwerero muone pamwamba, chifukwa pakati pakhoza kukhala mphako, kapena mzere wa kukhoma ukhoza kukhala waufupi. Katoni yomata, pemphani atsegule ingapo. Dilamu ligogodeni kapena aliike pa sikelo. Lembani padera zoonongeka, zonyowa, zotha nthawi, zokutidwa ndi fumbi losonyeza kuti sizinasunthe kwa nthawi yaitali, ndi katundu wa anthu ena amene wangosungidwa pamenepo. Mukasiyana ndi wowerenga, bwerezani limodzi pomwepo mpaka mugwirizane, onse musaine. Musachoke musanatenge makope a mapepala onse owerengera ndi kulemba kuti anagwiritsidwa ntchito kuyambira nambala iti mpaka iti. Mukawasiya, pepala lina likhoza kuwonjezeredwa mawa lake. Anthu a mu warehouse apatseni moni mwaulemu m'Chishona kapena m'chinenero chimene akulankhula. Ambiri ndi akuluakulu kwa inu, ndipo ndi amene amadziwa pamene pali katundu wobisika kuseri kwa mapaleti.

Ma review note ndi kafunsidwe

A senior akaona pepala lanu amalembapo mafunso, otchedwa ma review note, ndipo poyamba amachuluka. Si chizindikiro chakuti akudani. Umo ndi mmene kampani imaphunzitsira. Yankhani lililonse pokonza pepala lenilenilo, kenako lembani mwachidule zimene mwasintha ndi pamene zili. Kungolemba kuti "zatheka" kumawakakamiza kufufuzanso. Sungani kabuku ka mafunso amene mwalandira, chifukwa chimene amayang'ana n'chakuti funso limodzi lisabwerenso pa kasitomala wachitatu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ulemu umene tinaleredwa nawo, wosafuna kuvutitsa wamkulu, umapweteketsa ambiri pano. Koma kufunsa kuli ndi kachitidwe kake. Mukakakamira, dzipatseni theka la ola: onani fayilo ya chaka chatha, werengani ndondomeko ya kampani. Zikakanika, pitani ndi funso lokonzeka, monga: "A senior, ndandanda ya angongole ikusiyana ndi ledger ndi madola 1,240. Ndaona ma journal a Disembala, sindinapeze. Ndifunse kasitomala, kapena pali pena poti ndiyambe ndayang'ana?" Mafunso ang'onoang'ono asonkhanitseni mufunse kamodzi. Mukapatsidwa ntchito, musanachoke pa desiki yawo dziwani tsiku loimaliza ndi maola amene aikidwa. Mukaona kuti simumaliza Lachisanu, nenani Lachitatu.

Timesheet muzilemba tsiku lililonse musanaweruke, pa code yoyenera ya kasitomala. Ofika Lachisanu n'kumakumbukira za Lolemba amalemba zongopeka. Ena amabisa maola poopa kuoneka ochedwa, koma akatero bajeti ya maola ya chaka chamawa imakhala yochepa, ndipo maola amene bungwe limafuna pa maphunziro awo amaperewera.

Amene ali ku gawo la misonkho, kalendala ya ZIMRA ikhale pa khoma. Msonkho wolipiriratu wa makampani umagawidwa kanayi: 10 peresenti mu Malichi, 25 mu Juni, 30 mu Seputembala ndi 35 mu Disembala. Zonse zimadutsa pa TaRMS, njira ya ZIMRA ya pa intaneti imene inayamba mu 2023. Masiku ndi mitengo ya msonkho zimasintha ndi Finance Act, choncho onani chikalata chatsopano cha ZIMRA nthawi zonse musanauze kasitomala tsiku.

Mayeso pakati pa ntchito

Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala, choncho kuyambira Januwale mpaka Epulo mudzaweruka usiku ndipo Loweruka lina mudzagwira. Wokhala ku Chitungwiza kapena ku Dzivaresekwa afunse msanga ngati ofesi imapereka galimoto kapena ndalama ya thiransipoti ya usiku. Pa njira ya ICAZ pali CTA, satifiketi ya pamwamba pa digiri, kenako mayeso awiri a bungwe, oyamba a luso la m'mabuku ndi omaliza otchedwa APC. ACCA imalembetsa mayeso mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Kutenga mapepala awiri olemera mu Malichi, pakati pa nyengo yotanganidwa, ndi njira yachidule yolepherera onse. Werengani m'mawa musanapite ku ntchito, mutu usanatope, ndipo masabata anayi omaliza akhale oyankha mafunso akale ndi wotchi patsogolo. Masiku a mayeso aperekeni kwa okonza ndandanda ya ntchito miyezi ingapo isanafike.

Zovuta za kumudzi sizidikira kalendala ya oditi. Labour Act imapereka masiku 12 pa chaka a tchuthi chapadera cholipidwa, ndipo imfa ya kholo, mwana, mwamuna kapena mkazi ili m'gulu limenelo. Ulendo wa pa basi wodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza umadya tsiku lathunthu kupita ndi lina kubwera. Uthenga wa maliro ukafika, imbirani a manager, ikani mafayilo onse pa seva ya kampani, ndipo lembani mizere ingapo yonena zimene zatha, zimene zatsala ndi zimene mukudikira kwa kasitomala.

Ntchito iliyonse ikatha, pemphani a senior alembe ndemanga ya kagwiridwe kanu mkati mwa sabata imodzi kapena awiri, asanaiwale. Lembaninso m'buku lanu la maphunziro luso limene mwagwiritsa ntchito, kwa kasitomala wa mtundu wanji, ndi pepala liti m'fayilo limene lingachitire umboni. Pokumana ndi woyang'anira maphunziro anu, zimene m'makampani ambiri zimachitika kawiri pa chaka, tengani bukulo ndi ndandanda ya magawo amene simunawakhudze. Ngati mwatha miyezi 6 mukungochita banki ndi ma invoice a zogula, pemphani mwachindunji kuti pa kasitomala wotsatira akupatseni sitoko, katundu wokhalitsa kapena msonkho, ndipo pempholo lilembedwe pa fomu ya msonkhanowo kuti okonza ndandanda alione.